CIPOLOPOLO SICISOKERA, CITUMIDWA NDI DZANJA

Abale ndi alongo a m'Lilanda, a ku George, a ku Matero, ndi inu nonse a m'makomboni a Lusaka amene mulawira m'mamawa kupita ku nchito: cherani khutu. Pali bodza limodzi limene takhala tikulimva kuyambira masiku a atsamunda kufikira lero lino. Talimva kawirikawiri kotero kuti ena a ife ayamba kulibwereza okha pa nyumba ya maliro, ngati kuti ndi mau a citonthozo. Bodzalo ndi ili: "Waphedwa ndi cipolopolo cosokera."

Ife tikana mau amenewa, ndipo tidzawakana kufikira atatha m'kamwa mwa akulu a Boma. Mbuzi isokera, pakuti iri ndi miyendo. Mlendo asokera, pakuti sadziwa njira. Koma cipolopolo ciribe miyendo, ciribe maso, ciribe nzeru. Cipita kumene kamwa ya mfuti inaloza pa nthawi imene cala cinakoka. Kumbuyo kwa cipolopolo kuli cala. Kumbuyo kwa cala kuli dzanja. Kumbuyo kwa dzanja kuli mphunzitsi, ndipo kumbuyo kwa mphunzitsi kuli bwana amene anasaina pepala lonena kuti munthu uyu adziwa kugwira mfuti. Nkhani yathu lero iri pa dzanjalo ndi pa mphunzitsiyo.

SITIRI ALENDO KU MFUTI

Tidziwa kuti ena adzati: "Kodi anthu a m'komboni, omanga nyumba, onyamula matumba ku Soweto Market, oyendetsa mabasi, adziwa ciani za mfuti? Izi nza asilikari." Tiwayankha kuti: anthu amene akhala zaka 90 kutsogolo kwa mfuti ali ndi ufulu wofunsa za iye amene aima kumbuyo kwace.

Pa 29 May 1935, ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, anchito ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho. Apolisi amene anatumidwa kumeneko anaponyedwa miyala, anagwidwa ndi mantha, naomba m'khamu. Anthu 6 anafa. Pa 3 April 1940 ku Nkana, asilikari a Northern Rhodesia Regiment anaombanso anchito onyanyala. Anafa 17, ndipo obvulala anaposa 60. Kawiri konse Boma linaika komishoni. Kawiri konse kunalembedwa lipoti lalikulu. Koma lipoti silinaukitse munthu.

Zindikirani ici. Mngelezi amene anapatsa wapolisi mfuti ku Luanshya sanapatse mfuti wapolisi wamba wa kwao. Kufikira lero wapolisi wamba wa m'misewu ya London ayenda wopanda mfuti. Onyamula mfuti kumeneko ndi gulu losankhidwa, lophunzitsidwa mwapadera, loyesedwa kawirikawiri. Kwao anati moyo wa munthu ngwa mtengo wapatali. Kwathu kuno anati mfuti ndi ndodo yaitali yoopsezera anthu akuda, ndipo wogwira ndodo safuna sukulu. Maganizo amenewa tinayenera kuwatsazika pamodzi ndi Bwanamkubwa mu October 1964. Bwanamkubwa anapita, koma maganizowo anatsala m'nkhokwe ya zida.

Ndipo ife a m'Lilanda tiri ndi cikumbukiro cathucathu. M'zaka za nkhondo ya ufulu wa maiko a kumwera, anyamata a ANC ya ku South Africa anakhala m'nyumba za m'Lilanda muno monga anansi athu. Mu October 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa mzinda uno. Mu June 1990, pamene mtengo wa unga unakwera kawiri, mfuti zinalira m'makomboni a Lusaka, nafa anthu oposa 20. Munthu asatiuze kuti sitidziwa kulira kwa mfuti.

MABALA AMENE SANAPOLE

Wina angati izo nzakale. Cabwino, tibwere pafupi.

Usiku wina mu September 1989, ku komboni ya Kamanga, mtsikana anafa ndi cipolopolo ca pisitolo. Woombayo anali mwana wa Pulezidenti wa nthawi imeneyo. High Court inampeza wolakwa mu 1991, ndipo Supreme Court inammasula mu 1992 poweruza kuti anali kudzichinjiriza. Sititsegulanso mlandu umene oweruza anatseka. Tinena cabe kuti pisitolo inalira pakati pa anthu usiku, ndipo mtsikanayo sanaukenso.

Pa 8 July 2016 Mapenzi Chibulo, wa zaka 22, anaombedwa nafa m'Lusaka pamene apolisi anali kubalalitsa anthu a cipani cotsutsa amene anakanizidwa msonkhano ku Chawama. Mu February 2020, masiku aja a mantha a anthu opopera gasi m'nyumba, mnyamata wa sukulu anaombedwa nafa ku Chazanga pafupi ndi sukulu yace.

Pa 23 December 2020, pamene a Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa, anaitanidwa ku likulu la polisi, anthu awiri anagwa: Joseph Kaunda wa cipanico, ndi Nsama Nsama, loya wa Boma woimba milandu, amene anaturuka mu ofesi kukagula cakudya cabe. A polisi eni ace ananena pambuyo pace kuti cipolopolo cimodzi ndico cinapha onse awiri. Akulu ena a polisi anacotsedwa pa mipando yao, ndipo konsitabulo mmodzi anamangidwa.

Cipolopolo cimodzi, mitembo iwiri! Konsitabulo anamangidwa, inde. Nanga amene anamphunzitsa? Nanga amene anampatsa mfuti ya nkhondo, namuimika pakati pa khamu la anthu opanda zida, masana dzuwa likuswa mtengo? Iwowa ali ndi maina, ndipo kunena kuti cipolopolo cinasokera ndiko kubisa mainawo.

Nkhani iyi si ya cipani. Lero cipani ici ciri m'Boma, mawa ciri panja. Cala cosaphunzira sicifunsa khadi la cipani. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

KAGWIRIDWE KA PISITOLO

Zambiri mwa imfa zimenezi zinadza ndi mfuti zazitali. Koma tiyamba ndi pisitolo, cifukwa ndiyo iyenda pakati pathu mobisika: pa lamba wa ofisala, m'thumba la wabizinesi, pansi pa mpando wa galimoto, m'bala Loweruka usiku. Ndiponso colakwa ca dzanja cioneka msanga pa pisitolo koposa pa mfuti ina iriyonse. Womvetsa izi adzamvetsa ndi zinazo.

Anthu ayesa kuti pisitolo njosabvuta cifukwa njaing'ono. Zoona zace nzakuti mwa mfuti zonse ndiyo yobvuta koposa kulozetsa. Mfuti yaitali itsamira panai: pa phewa, pa tsaya, ndi m'manja awiri. Pisitolo ilendewera kumapeto kwa mikono basi. Tizitsulo tace tiwiri topenyera, kam'tsogolo ndi kam'mbuyo, titalikirana ngati masentimita 15 cabe. Werengani nokha. Kamwa ya mfuti ikapatuka m'lifupi mwa kamtengo ka macesi, ndiwo mamilimita 2, cipolopolo pa mamita 25 cipita kumbali masentimita oposa 30. Pa mamita 50 ciposa theka la mita. M'tinjira topapatiza ta ku George, theka la mita ndilo lilekanitsa mbala ndi mai wogulitsa matimati.

Cifukwa cace kagwiridwe si nkhani ya kunyada. Mphunzitsi woona ayamba pomwepa, ndipo sacokapo msanga.

Coyamba, dzanja loombera ligwira mpini pamwamba ndithu, kuti mpope wa mfuti ukhale mzere umodzi ndi mkono. Wogwira m'munsi apatsa mfuti danga lotukula mutu ikalira, ndipo cipolopolo caciwiri cipita pa denga la mnansi.

Caciwiri, dzanja linalo silikhala m'thumba, ndipo silikhala pansi pa mpini ngati sosala ya kapu ya tiyi. Likulunga zala za dzanja loyamba, cikhatho cace nkutseka mbali ya mpini imene yatsala poyera. Zala zazikulu zonse ziwiri zikhala mbali imodzi. Woika cala cacikulu kumbuyo kwa citsulo ca pamwamba, cimene cibwerera m'mbuyo mfuti ikalira, adzadziceka yekha.

Cacitatu, polumikizira dzanja ndi mkono, paja tibvala wochi, pauma osagwedera. Pakafewa, pisitolo ikakamira. Ndipo munthu wosaphunzira, poona kuti mfuti yakana, aitembenuza uku ndi uko kuti aone cabvuta, kamwa yace nkuloza pamimba pa mnzace.

Cacinai, cala cimodzi cokha ndico cikanikiza kacitsulo koombera, molunjika m'mbuyo, mosadzidzimutsa, zala zinazo ziri phee. Munthu woopa kulira kwa mfuti yace atsinzina, nakoka mwadzidzidzi ndi dzanja lonse. Ngati ngwa dzanja lamanja, cipolopolo cace cigwa m'munsi ca kumanzere, kumene sanali kuyang'ana konse. Nthenda imeneyi siciritsika ndi kukalipira. Iciritsika ndi kubwereza masiku ambiri, mphunzitsi ataima pambali, maso ace ali pa dzanja la wophunzira.

Koma cacikulu koposa zonse ndi malo a cala. Cala colozera cikhala coongoka m'mbali mwa mfuti, kunja kwa mphete yochinga kacitsulo koombera, kufikira munthu atatsimikiza mu mtima kuti tsopano aomba. Cifukwa cace ndi ici. Thupi la munthu likadzidzimuka, phazi likapunthwa, kapena dzanja lina likagwira mwamphamvu munthu wothawa, zala zonse zifumbata pamodzi mutu usanalamule. Kacitsulo ka pisitolo zambiri kafuna mphamvu ya makilogalamu 2 kapena 3 cabe. Dzanja la mwamuna wanchito likafumbata liposa makilogalamu 30. Cala cikakhala mkati, mwala umodzi wogwa pa malata ukwana kupha munthu. Cotero mukamva kuti "mfuti yalira yokha," dziwani kuti limenelo ndi bodza laciwiri, mphwace wa loyamba lija.

Tsopano yang'anani ndi maso anu mawa popita ku nchito. Pa rodibuloko, cala ca wonyamula mfuti ciri kuti? Pamene awerama kusuzumira m'basi, kamwa ya mfuti yace iloza yani? Mlonda wa pa khomo la sitolo akakhala pansi, mpope autsamiza pa phazi lace kapena pa cibwano cace? Bwana wa pisitolo akaledzera aisolola m'lamba wa buluku, naigwira campendero monga aona m'mafilimu. Simufuna digiri kuti muwerenge zimenezi. Mmisiri adziwika ndi mpando umene wapanga, ndipo mphunzitsi wa mfuti adziwika ndi cala ca wophunzira wace.

MALAMULO ANAI

Pa dziko lonse aphunzitsi a mfuti agwirizana pa malamulo anai, amene anafalitsidwa ndi Jeff Cooper wa ku America, yemwe anatsegula sukulu ya mfuti ku Arizona mu 1976. Tiwaika m'mau athu.

Loyamba: mfuti iriyonse uiyese yodzaza. Pa pisitolo, kucotsa magazini, kabokosi ka zipolopolo kaja, sikutanthauza kuti mfuti iribe kanthu. Cimodzi cikhoza kutsala mu mpope. Ambiri apha ana ao ndi anzao ndi mfuti imene analumbira kuti njopanda kanthu.

Laciwiri: kamwa ya mfuti isaloze cinthu cimene sufuna kuononga, ngakhale kamphindi.

Lacitatu: cala kunja kufikira utatsimikiza.

Lacinai: dziwa cimene uomba, ndi cimene ciri kumbuyo kwace.

Lamulo lacinai ili ndilo la ife a m'komboni. Cipolopolo ca pisitolo ya 9mm cikhoza kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Ca AK-47 ciposa makilomita 2. Malata sacichinga. Citseko ca matabwa sicicichinga. Buloko ya simenti yamphako siyodalirika pamaso pa AK-47. Kuno nyumba zitsamirana, ndipo kumbuyo kwa munthu aliyense kuli anthu ena khumi. Ndiye pali aja anena kuti, "Ndinaomba m'mwamba kuti ndiwaopseze." Kodi kumwamba kuli thumba losungira zipolopolo? Cokwera citsika, ndipo coombedwa copendeka citsika ndi mphamvu yakupha. Woomba m'mwamba ali pa msika wa Lilanda akhoza kulasa mwana wogona m'nyumba ku Matero.

PERETE SI MAPHUNZIRO

Dziko lathu liri ndi masukulu a polisi. Lilayi yakhala ikuphunzitsa kuyambira 1955. Kuli Kamfinsa pafupi ndi Kitwe, ndi Sondela ku Kafue Gorge. Ana athu akaturuka kumeneko aguba bwino, nsapato ziwala, bandi irira, ndipo ife makolo tiomba m'manja. Sitinyoza zimenezo. Koma perete aphunzitsa miyendo. Saphunzitsa cala cimene cidzakhala pa mfuti usiku, m'kanjira kamdima, anthu akupfuula, agalu akuuwa, mtima ukugunda.

Izi zinadziwika kalekale. Ku Shanghai, m'dziko la China, William Fairbairn analowa upolisi mu 1907. Iye anaona kuti apolisi olasa bwino candamale ca pepala pa bwalo, masana, anali kulephera pokumana ndi zigawenga m'makwalala. Anasintha maphunziro onse. Anamanga nyumba yophunziriramo, ya timakonde tamdima ndi zinthu zotulukira mwadzidzidzi, kuti wapolisi alawe mantha ali pa sukulu, asanawalawe pa mseu. Iye ndi mnzace Eric Sykes analemba zimenezi m'buku mu 1942. Ku California, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, wapolisi wina dzina lace Jack Weaver anayamba kupambana mipikisano pogwira pisitolo ndi manja awiri ndi kuikweza kufika pa maso, pamene anzace anali kuomba ndi dzanja limodzi kucokera m'ciuno. Ena anamseka poyamba, koma pambuyo pace apolisi a maiko ambiri anatsata manja awiri. Phunziro lace nlakuti luso ili likula, ndipo mphunzitsi amene aphunzitsa lero monga anaphunzitsidwira agogo ace m'masiku a Welensky ali kunamiza ana athu.

Mphunzitsi woipa adziwika ndi zizindikiro zace. Akalipa m'malo mofotokoza. Alanga ndi kudumpha ngati cule m'malo moongola dzanja. Awerenga zibooo pa pepala, osayang'ana kumene mfuti inaloza pamene wophunzira anali kuisolola ndi kuibweza. Aphunzitsa kuomba, osaphunzitsa kuleka kuomba. Ndipo munthu wophunzitsidwa ndi mantha adzaombanso ndi mantha. Kuongola mtengo mpoyamba.

Ndiponso luso la mfuti liola. Ndani wa inu angakwere basi ya dalaivala amene anagwira ciwongolero kamodzi zaka khumi zapitazo? Koma tibvomera kuti munthu amene anaomba pa sukulu, osabwereranso ku bwalo loombera, aime ndi mfuti pa khomo la msika wathu caka ndi caka.

Maiko a United Nations anagwirizana ku Havana mu 1990 pa mfundo za kagwiritsidwe nchito ka mfuti ndi apolisi. Mfundozo zinena kuti mfuti iloze munthu pokhapokha moyo uli pangozi yeniyeni. Kuti wapolisi aloledwe kunyamula mfuti atatsiriza maphunziro apadera. Kuti aziyesedwanso nthawi ndi nthawi. Ndi kuti akulu ace akhale ndi mlandu ngati anadziwa, kapena anayenera kudziwa, za kuomba kosayenera koma osaletsa. Ku South Africa lamulo la 2000 likakamiza munthu wofuna laisensi ya mfuti kuyamba waphunzira ndi kukhoza mayeso. Ndipo apolisi atapha anchito a mgodi 34 ku Marikana mu 2012, komishoni ya Woweruza Farlam inalangiza kuti mfuti za nkhondo zoomba mosalekeza zicotsedwe pa nchito yobalalitsa makamu. Sitipempha cinthu cacilendo ai.

Lamulo lathu lomwe, Firearms Act ya 1969, lichula pepala losainidwa ndi ofisala, lonena kuti wakutiwakuti adziwa kugwiritsa nchito mfuti ya mtundu wakuti. Pepala nlabwino. Koma siginecha sigwira mpini. Tifuna kuti kumbuyo kwa siginecha kukhale mayeso enieni, amene munthu wolemera akhoza kulephera monga wosauka.

TIYANKHA OTITSUTSA

Adzati: "Mbala ziri ndi mfuti. Mufuna apolisi afe?" Iai! Ndife amene tithyoledwa nyumba usiku. Ndife amene tilandidwa malipiro pa mapeto a mwezi pobwera ku Industrial Area. Tifuna wapolisi wodziwa kulasa mbala yonyamula mfuti, osati mwana wa sukulu woima pambali. Maphunziro abwino sacotsa mphamvu ya wapolisi. Amchinjiriza iye mwini, pakuti wogwira bwino ndiye abwerera kwa mkazi wace ali moyo.

Adzati: "Zipolopolo zophunzirira nzodula, Boma liribe ndalama." Tifunsa: bokosi la maliro ndi zingati? Galimoto yopita ku manda a Chingwere ndi zingati? Ana amasiye aleredwa ndi zingati? Ndiponso cala coongoka sicidya cipolopolo ngakhale cimodzi. Kugwira mpini, kusolola, kubweza, kusunga kamwa ya mfuti pansi, zonsezi ziphunziridwa ndi mfuti yopanda kanthu, yoyang'anidwa ndi anthu awiri, m'bwalo la polisi siteshoni, m'mawa uliwonse. Cosowa si ndalama. Cosowa ndi bwana wosamala.

Adzati: "Mudana ndi apolisi." Ili ndilo bodza lalikulu. Konsitabulo ndani? Ndi mwana wa mai Phiri wa kuseri kuno. Ndi mlamu wathu. Akwera basi imodzi ndi ife, agula unga pa sitolo imodzi, malipiro ace atha pakati pa mwezi monga athu. Cinthu cikaonongeka, ndiye alowa m'ndende, ndiye alota mtembo moyo wace wonse, pamene amene anamtuma akwezedwa pa nchito kapena apuma ndi penshoni. Kumpatsa mfuti popanda kumphunzitsa ndiko kumchera msampha. Pomenyera maphunziro ace timenyera iye.

Cimodzimodzi abale athu alonda a makampani. Ambiri a inu owerenga pepala ili mugona panja kulonda cuma ca ena. Bwana akakupatsani mfuti pambuyo pa masiku ocepa a kuguba, sanakukwezeni ai. Wakusenzetsani mlandu umene iye adzaukana tsiku la tsoka.

ZIMENE TIFUNA

Tinena poyera, kuti a ku Nyumba ya Malamulo, a Unduna wa Zam'dziko ndi akulu a polisi amve:

1. Aliyense wonyamula mfuti pakati pa anthu, wapolisi, mlonda kapena mwini laisensi, ayesedwe caka ndi caka pa kagwiridwe, pa malo a cala, ndi pa kusankha nthawi yosaomba. Wolephera abweze mfuti kufikira atakhoza. Wapolisi wolephera apatsidwe nchito ina, asacotsedwe.

2. Aphunzitsi eni ace ayesedwe ndi kulembedwa m'buku. Dzina la mphunzitsi ndi tsiku la mayeso otsiriza zikhale m'failo ya wonyamula mfuti aliyense.

3. Akulu a polisi aulule caka ciriconse, pamaso pa Nyumba ya Malamulo, ciwerengero ca zipolopolo zimene wophunzira aomba asanaturuke pa sukulu, ciwerengero ca apolisi amene anabwerera ku bwalo loombera, ndi ciwerengero ca anthu amene anaombedwa.

4. Mfuti za nkhondo zicoke pa misonkhano, pa maliro, pa misika ndi pa zipata za masukulu. Khamu libalalitsidwa ndi mau, ndi zishango, ndi kuleza mtima.

5. Kuomba m'mwamba m'komboni kuletsedwe kotheratu, kwa wapolisi ndi kwa munthu wamba.

6. Cipolopolo ciriconse coturuka m'nkhokwe cilembedwe, ndipo coombedwa cifotokozedwe tsiku lomwelo.

7. Munthu akafa ndi mfuti ya Boma, afufuze ndi anthu a kunja kwa polisi. Police Public Complaints Commission ndi Human Rights Commission zipatsidwe mano ndi ndalama, ndipo kafukufuku asaimire pa konsitabulo. Akwere kufikira kwa wolamula ndi kwa wophunzitsa.

8. Woonetsa pisitolo m'bala, pa msonkhano wa cipani kapena pa mkangano wa pa mseu alandidwe laisensi, akhale wolemera kapena wodziwana ndi akulu.

Ndipo ife eni tiri ndi mbali yathu. Nkhani iyi ikambidwe m'misonkhano ya mabungwe a anchito, m'makomiti a pa msika ndi m'mipingo. Khansala ndi phungu akabwera kudzapempha voti, afunsidwe za mfundo zisanu ndi zitatu izi, ndipo yankho lace lilembedwe. Inu amene muli ndi mwana ku polisi, mufunseni mwacikondi kuti anaomba liti komariza pa bwalo, ndi kuti cala cace cikhala kuti. Uzani ana anu kuti akamva mfuti agone pansi, asathamangire kukaona. Akapeza mfuti m'nyumba kapena pa dzala, asaikhudze, aitane wamkulu. Ndipo tsoka likagwa, amene munaona musabalalike. Lembani tsiku, ora, malo ndi nambala ya galimoto, mukacitire umboni muli gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Dzina la polisi linasintha kucoka ku Force kukhala Service. Tifuna kusinthako kutsike pa cikwangwani, kufike pa dzanja. Ndipo tsiku limene wina adzaima pa maliro m'Lilanda, kapena ku George, kapena ku Kanyama, nadzati cipolopolo cinasokera, musagwedeze mutu. Imani mumfunse mafunso atatu: Cala cinali ca yani? Anamphunzitsa ndani? Anasaina ndani?